Kabasi Kolavuliridwa Penti

Amuna anga atapuma pa udalaivala anayamba kumanga timabasi tapulasitiki, totalika ngati buledi. Sindinadandaule mpaka tsiku lomwe anabwera ndi kamfuti kopopera penti.

Chifukwa chake chinalipo. AKondakitala, amene anayenda nawo zaka makumi awiri, anali atayamba kuiwala anthu, ndi ana awo omwe. Amuna anga atapita kukawaona, aKondakitala anawafunsa kuti, "Kodi ndinu a magetsi?" Bambo anabwerako maso ali psuu.

"Ndiwapangira basi yathu ija," anatero. "Akaiona andikumbukira."

Koma kamfuti kaja, mayo ine! Poyamba kanalavula madontho ngati mwana wokana mankhwala. Akuti penti yalimba. Anathiramo madzi, penti n'kumayenderera mpaka m'mawindo. Akuti madzi achuluka. Kenako inayamba kuumira pa nsonga ya singano ya m'kamfutimo, iko n'kumangoti fyooo, mphepo yokhayokha.

Apo nyumba inasanduka chipatala. Kusesa kunaletsedwa chifukwa cha fumbi. Mphaka anamusamutsira kwa aneba. Masokosi anga opyapyala a pa ukwati anawadula kuti asefere penti. Kuyetsemula ndinkakayetsemulira kubafa, pakhomo panga pomwe!

"Inu, bwanji osangopaka ndi bulashi?" ndinafunsa.

"Amayi, basi yathu inali yosalala. Musandisokoneze."

Yosalala? Basi imeneyo ndinaikankhapo kangapo ndi manja angawa.

Loweruka anasiya kulankhula nane n'kuyamba kulankhula ndi singano. Anainyengerera, itakana anaiopseza kuti aichotsa ntchito. Anakweza mphepo pa kompulesa, makina opopera mphepo mu kamfutiko, penti n'kumaumira m'malere, kugwera pa kabasi ngati mchenga. Pomaliza madzi omwe anasonkhana mu paipi ya mphepo anatuluka onse, phwa! pa chitseko cha kabasi penipeni.

Lamulungu anangokhala pampando, manja ali lende. "Sindipita. Ndikawaonetsa chiyani?"

Ndinapsa mtima. Ndinakulunga kabasiko m'thaulo n'kuwakoka dzanja mpaka kwa aKondakitala.

Tinawapeza pakhonde akuyang'ana khoma. Ndinawaikira kabasi pamiyendo, amuna anga atabisala kumbuyo kwanga ndi manyazi. AKondakitala anakatembenuza, chala chikuyenda pa madontho aja, pa mchenga uja, n'kukaima pa chitseko chothimbiriracho.

"Chibasi chathu ichi," anatero. "Mpaka lero sanachipentebe?"

Anakweza maso n'kuwayang'ana amuna anga nthawi yaitali. Kenako anamenya denga la kabasi kawiri ndi chikhatho, monga ankachitira anthu akadzaza.

"Adalaivala, mwaimiranji? Tiyeni!"

Amuna anga anakhala pansi pomwepo n'kuliza injini ndi pakamwa, misozi ili chuchuchu.