Maso a Amos

Tamara anapukuta burashi pachitenje n'kubwerera m'mbuyo kuti alione bwino thabwa limene ankajambulapo nkhope. Ayi ndithu, maso aja anali atatulukanso aakulu ngati mbale za ndiwo.

Mawa lake kunali kuvundukula chiliza cha mlongo wake Amos, kumudzi kwawo kufupi ndi Sinda. Chithunzi cha mnyamatayo panalibe, poti foni imene munali zithunzi zake inagwera m'chitsime. Ndiye amalume ake, a Gervazio, anangoti, "Si paja umajambula iwe? Tijambulire mwanayu, amayi ako aonenso nkhope yake." Kulamula n'kosavuta. Chimwalirireni Amos, amayiwo sankatchula dzina lake ngakhale mwangozi, ndipo abale onse ankayembekezera kuti thabwa limeneli ndilo liwamasule pakamwa.

Vuto linali dzanja la Tamara. Kujambula sanaphunzire kusukulu. Anaphunzirira pa makatuni a ku Japan, amene iye ndi Amos ankakaikitsa m'foni kwa Salman, wokonza mafoni pamsika wa Katete. Ankaonera atagundanitsa mitu, Tamara n'kumaimitsa kanemayo kuti akopere nkhope pakatoni ya sopo. Anthu a m'makatuni amenewo amakhala ndi maso aakulu onyezimira, chibwano chosongoka, khosi lowonda, mphuno kadontho chabe. Tsono dzanja likazolowera njira, ngakhale ulikalipire limabwerera komweko.

"Tsiku lina udzandijambule ngati ngwazi izi," ankatero Amos. "Tsitsi liime, adani azithawa."

Tsikulo silinafike iye ali moyo. Matenda anamugwira Amos pamene Tamara anali ku Chipata kulemba mayeso, ndipo mtsikanayo pobwera anapeza bokosi atakhomera kale.

A Gervazio anatulukira dzuwa litapendeka. Analiyang'ana thabwalo, nkhope yawo n'kuchita mdima.

"Ichi n'chiyani? Kadzidzi? Ukufuna tikaimike kadzidzi pamanda a mwana?"

"Penti watha, amalume. Komanso mwini wake ankafuna chonchi."

"Wakufa safuna kanthu! Fufuta. Mlongo wanga akakakomoka pamanda paja, mlandu ndi wako."

Tamara sanafufute. Makani anali nawo, tisabise, koma mantha ndiwo anachuluka. Anadziwa kuti akafufuta maso awa, dzanja lake lilibe ena oti liikepo.

M'mawa anthu anadzaza kumanda. Amayi a kwaya anaimba, abusa anapemphera, nsalu yoyera inachotsedwa pachiliza. Kenako a Gervazio anakodola Tamara ndi chibwano, osamuyang'ana n'komwe. Mtsikanayo anaimika thabwa pambali pa chilizacho, n'kukoka pepala limene anakutira.

Kamwana kena kanaseka, mayi wake n'kukatsina. Gogo wina analavulira pambali.

Amayi a Tamara anadzuka pamphasa. Anayenda pang'onopang'ono, azimayi awiri akuwatsatira manja ali chire kuti akagwa awawakhe. Sanagwe. Anagwada pafupi ndi thabwalo n'kuligwira patsaya.

"Ndi iyeyu," anatero. "Ndi Amos wanga."

Dzina lija linatuluka! Tamara anamva mtima wake ukutsika m'malo mwake, mpaka anaponya diso kwa amalume ake kuti aone okha.

Koma amayiwo anali asanamalize. Chala chawo chinatsika pachibwano, n'kufika pakhosi.

"Maso awa ndiwo ankandiyang'ana nawo m'chipatala, mnofu utatha kumaso. Khosi ili ndinkalichirikiza ndi dzanja pomumwetsa phala." Anatembenuka, osakweza mawu. "Iwe kunalibe, mwanangu. Anakuuza ndani? Zaka zonse zija anali ndi masaya ake, iwe wasankha kundibweretsera wa sabata yomaliza?"

Tamara anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti ayi, umu ndi mmene amajambulira ngwazi, anthu amphamvu osagonja. Anayang'ananso thabwalo kuti aloze ngwaziyo. Anaifunafuna osaipeza. Amene ankamuyang'ana anali mnyamata wowonda, maso ali tong'o, yemwe iye sanamuonepo.

Amayiwo anamasula chitenje cha pamapewa pawo. Anafunditsa thabwalo kuyambira pakhosi kutsika m'munsi, n'kupindira bwino m'mbali kuti mphepo isalowe.