Chidebe cha Nkhuku cha Uelese

"Sainani apa basi, mayi a Leata, mafunso pambuyo!"

Uelese, mkamwini wangayo, ankazungulira mphasa chipepala chili m'manja, uku akutsimphina. Phazi lakumanzere linali lokulungidwa ndi nsalu za kuchipatala, ndipo chimunthu ngati chimenecho chikamatsimphina nyumba yonse imamva.

Linali Lamulungu masana, titangoweruka kutchalitchi. Zakudya zinali zitayalidwa kale: talo, muzu wathu uja wonga chinangwa, nthochi zophikira mumkaka wa kokonati, nsomba, ndi ntchafu ya nkhumba yongotuluka m'miyala yamoto imene timawotchera nyama. Kwathu kuno ku Tafuna, pachilumba chathu chino, chakudya cha Lamulungu sichidikira pepala. Koma munthuyo akakhala pansi ankadzukanso, ngati wakhalira linthumbu.

Nkhani yake inali iyi. Adokotala anamupeza ndi shuga, namuuza mosabisa kuti chilonda chikapanda kupola achotsa chala, ndipo akapitiriza kudya momwe amadyeramo, mwendo utsatira. Nanga woyendetsa basi wopanda mwendo munamuona kuti? Ndiye kunabwera loya wina wochokera ku Honolulu, akusonkhanitsa anthu onenepa kuti akasumire malo ogulitsira nkhuku yokazinga a pamsewu wa ku eyapoti aja. Akuti zidebe zawo n'zazikulu mopitirira muyeso, n'zimene zikudwalitsa anthu. Chotsala chinali chakuti mkazi wake, mwana wanga Fuatino, asaine ngati mboni.

"Ndisaine ndisanawerenge?" anatero Fuatino akupukuta manja. "Ndinasaina kamodzi osawerenga, kutchalitchi, onani chimene ndinatola."

Penitito, mkulu wake wa Uelese, amenenso ndi dikoni, anaseka mpaka kutsamwa.

"Musaseke achimwene," anatero Uelese. "Ku Amereka anthu akuwina milandu yotereyi. Anthu aja amachita dala! Ukapempha kankhuku kamodzi amati onjezerani dola imodzi mutenge chidebe. Pachidebepo tchipisi, kenaka chikho cha soda choti mwana akhoza kusambamo. Ndani angakane?"

"Anakumanga manja?" anafunsa Penitito.

"Si nkhani ya manja! Ndi misampha imeneyo."

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ndinatero ine. Sindikanatha kudzigwira.

Tsono ine kusukulu sindinapiteko, ndipo m'nyumba muno muli lamulo langa kuyambira kale: pepala lililonse lolowa muno liwerengedwe mokweza, nanenso ndimve. Kalata ya kuchipatala, ya kutchalitchi, zonse. Uelese anaiwala zimenezo.

"Werenga, Fuatino," ndinatero. "Utimasulire m'chilankhulo chathu, Chingerezi ndi chanu."

"Amayi, ndi zachilamulo izi, n'zotopetsa," anatero Uelese akufuna kulanda pepala. Koma wa phazi limodzi angapose liwiro mkazi wolusa? Fuatino anali ataima kale pakhomo, powala.

"'Ine Uelese, woyendetsa basi, ndikulumbira kuti kwa zaka zinayi, masiku asanu pa sabata, ndinkagula chidebe cha banja, cha anthu asanu ndi atatu.'" Anaima kaye. "Cha banja? Banja lake liti? Muno nkhuku yokazinga tinaiona liti?"

"Pitiriza, mwanawe," ndinatero. Mtima wanga unali ukuvina.

"'Ndipo ndinkachimaliza ndekha, nditaimika basi kuseri kwa malowo, popanda wondithandiza.'"

Tonse tinatembenukira kwa Uelese.

Kunenepa kuno si mlandu, tonse ndife anthu a matupi. Koma kudya wekha? Munthu akadutsa pamsewu iwe uli pa chakudya umamuitana, ngakhale mdani wako. Ngakhale mwana woyamba kumene kuyenda amadziwa zimenezo.

Penitito anaika talo wake pansi. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Wekha, mng'ono wanga? Zaka zinayi? Kuseri komweko kumakhala anyamata otsuka magalimoto, madalaivala anzako, sunaitaneko ngakhale mmodzi?"

"Loya anati ndikanena kuti tinkagawana, mlandu palibe."

"Ndiye ndi bodza?"

Uelese anayang'ana phazi lake. Ankapukuta thukuta m'khosi ndi kansalu, napukutanso pouma kale.

"Ndi zoona," anatero ndi mawu a mwana.

"Nanga nsomba yowiritsa imene ndinkakupakirani m'mawa uliwonse?" anafunsa Fuatino. "Ine kudzuka nkhuku zisanalire, kuti shuga atsike?"

"Agalu a kumalekezero a basi..."

"Eee! N'chifukwa chake agalu akumeneko ubweya uli nyezinyezi, mwamuna wanga akuwola phazi!"

Apo ndiye zinakoma. Fuatino anamukumbutsa zonse, kuyambira tsiku la chikwati. Uelese anati nayenso ndi munthu, amatopa, basi imatentha, fungo la malo aja limakupeza uli pa mphambano. Zimenezo n'zoona, ngakhale ine limandikoka mphuno. Kenaka Fuatino anaika pepala pamphasa, natenga cholembera.

"Ndisaina, bambo a Leata. Koma mudziwe kuti mawu amenewa akawerengedwa kukhoti, pamaso pa anthu, mawa lake ali pa wayilesi. Chilumba chonse chimva kuti Uelese ankabisala ndi chakudya cha anthu asanu ndi atatu. Ndipo ngakhale akupatseni madola odzaza basi, mwendo sagulitsa musitolo. Walira mvula walira matope. Ndisaine?"

Uelese anadzuka, napita pakhomo, nabwerera. Anayang'ana mkulu wake, mkulu wake anayang'ana kudenga. Kenaka anatola pepala lija, nalipinda kanayi, nakalitsindikira pansi pa mwendo wa kabati umene wakhala ukugwedera chaka chonse.

"Tidye," anatero.

Penitito anapemphera mwachidule. Ine ndinamumvera chisoni mkamwini wanga, paja anali atakhetsa thukuta lambiri. Ndinamuikira m'mbale monga mwa masiku onse: zidutswa zinayi za talo, nthochi, nsomba yathunthu, ndi chigawo cha nkhumba cha mafuta chija amachikonda, mulu wofika pachibwano.

Anaiyang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenaka anatenga nsomba ndi talo mmodzi, zotsalazo nakankhira kwa ine ndi manja awiri.

"Pepani amayi. Chidebe chanu n'chachikulu kuposa cha anthu aja."

Ine? Zaka makumi awiri ndikumudyetsa munthu, lero andibwezere mbale pamaso pa dikoni!

"Ndiye undisumirenso ine," ndinatero.

"Ayi amayi. Ndingokana basi."

Sindinamulankhule mpaka Lachitatu. Nkhumbayo ndinadya ndekha, koma ine ndinadyera poyera.