Tsiku Limene Sitinamufunditse Djenifer

Mwana wanga Djenifer akagwa khunyu timamufunditsa nsalu. Ndi mmene tinkachitira kwathu ku Kabo Verde, ndi mmenenso timachitira muno mu Rotterdam: wina agwire mutu, wina ayale nsalu kuti anthu asamuone. Ine ndine wa mutu, achemwali anga a Zulmira ndi a nsalu.

Mankhwala amene anapereka dokotala wathu wa m'dera sankagwira. Chimene ndinkapempha n'chimodzi, kuti atitumize kwa katswiri wa ubongo wa ana, pakuti kwa katswiri sulowa ngati ukulowa m'golosale. Ndinapondaponda kwa dokotalayo mpaka nsapato zinatha zidendene. Ankandilankhula mokweza, pang'onopang'ono, ngati kuti khungu lakuda limatseka makutu.

"Mayi, mankhwalawa mukumumwetsadi?"

"Ndikumumwetsa, adokotala."

"Ine ndikuona mwana wabwinobwino. Mwina mumangochita mantha msanga. Akadzagwanso mudzajambule kanema pa foni, ndidzaone ndekha."

Kunyumba imene ndimakolopa Lachiwiri kuli Floris, mwana wa a Van Roekel, wa matenda omwewa. Iyeyo anangogwa kamodzi, bambo ake n'kuimbira foni mnzawo wosewera naye mpira, posakhalitsa mwana ali kwa katswiri. Za kanema palibe anawafunsa. Sindiwada ayi, ndi anthu abwino, amandipatsa majuzi a Djenifer. Koma ndikamapukuta fumbi m'chipinda cha mwana wawoyo mtima umandiwawa.

Nditawauza achemwali za kanemayo, anasiya kusenda anyezi.

"Iwe Lurdes, mutu ukuyenda bwino? Mwana akuphupha pansi, iwe foni m'manja ngati uli ku ukwati?"

"Nanga nditani, achemwali? Pakamwa pangapa sakupakhulupirira."

"Ndiye aone manyazi a mwana? Mawa ali m'mafoni a anthu, adzamukwatira ndani?"

"Ayambe wakula kaye."

Djenifer anagwa Loweruka masana kukhitchini, mphika wa katchupa uli pamoto. Manja anga anathamangira okha kumutu kwake, ine n'kuwabweza. Ndinamutsamiritsa pa khushoni, n'kubwerera m'mbuyo, foni m'mwamba. Achemwali anatulukira ndi nsalu yawo, ndinawatchinga ndi chigongono.

"Musamufunditse."

"Ndiwe mfiti iwe. Mayi wanji wotere?"

Ndinajambula maso akutembenuka, thovu kukamwa, kamwendo kakumenya chitseko cha kabati, mkodzo ukuyenderera pansi. Foni ndinaigwira ndi manja awiri kuti chithunzi chisagwedere, dokotala angadzanene kuti sizikuoneka bwino. Atasiya kuphupha achemwali anamunyamula osandiyang'ana. Mpaka lero amandipatsa moni wa pakhomo basi.

Lolemba ndinapita ndi Djenifer kwa dokotala uja. Dokotalayo anaika foni patebulo, n'kuchepetsa mawu chifukwa matemberero a achemwali ankamveka mpaka pakhonde. Kanemayo sanafike naye kumapeto.

"Izitu n'zazikulu, mayi. Bwanji simunanene kale?"

Mphamvu zokangana ndinalibe, ndinali nditatopa mpaka m'mafupa. Anayamba kulemba zotitumiza kwa katswiri, uku akundichenjeza kuti mzere ndi wautali. Ndinathokoza, poti ndi mmene anatilerera.

Tonse awiri tinaiwala kuti Djenifer ali pampando pomwepo, khosi litasomphokera ku foni. Chiyambire matendawa anali asanadzionepo. Akatsitsimuka ankangopezeka ali m'nsalu, mutu uli pamiyendo panga, ife n'kumuuza kuti anagona pang'ono.

Tinatsika masitepe. Ndinamugulira chibama chotentha pakona, sanachilume. Tili pa siteji kudikira basi, mphepo ikutilowa m'makhoti, ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Amayi aakulu ndawaona muja, anali ndi nsalu."

"Eya, mwanangu."

"Nanga inuyo, amayi, munali kuti?"