Mpando wa a Sytse

Aukje anatsika sitima ya pamtunda ku Leeuwarden foni ili kale m'manja. Diresi lakuda. Kachikwama kamodzi. Maluwa oyera amene anali atayamba kufota chifukwa cha kutentha kwa m'sitima. Mayi ake ankawaika m'manda masana a tsiku lomwelo, kwawo pachilumba cha Marsoog, ndipo chombo cham'mawa chinali chimodzi chokha. Nyanja ya kumeneko siinyengerera munthu. Madzi akaphwera, palibe kuwoloka mpaka madzulo.

Dzulo lake mchimwene wake Ruurd anati amupezera munthu womudikira pasiteshoni. Iye anakana.

"Achimwene, zimenezo n'zakale. Masiku ano umangodina pafoni."

Ku Rotterdam, kumene ankakhala, ankadina chilichonse: chakudya, njinga, ngakhale dokotala. Nayo basi yaikulu yochoka ku Leeuwarden kupita kudoko inali itathetsedwa kalekale. M'malo mwake munabwera timaminibasi toitanitsa pafoni, topanda njira yokhazikika. Makina ndiwo ankasankha woti atengedwe ndi kodzera.

Minibasi inafika pa nthawi yake. Yoyera mbee, yopanda phokoso, yopanda wokwera wina. Dalaivala anamuyang'anitsitsa pagalasi.

"Aukje wa kwa Postma? Uja ankandibera masamu?"

"Jelle! Tsitsi linapita kuti?"

"Linatsogola kupenshoni. Ine nditsatira." Kuseka kwake kunathera panjira. "Ndamva za mayi. Pepa, mnzanga. Usadandaule, chombo tichipeza."

Anatuluka m'tauni. Minda yathyathyathya, ngalande, ng'ombe zamathothomathotho. Aukje ankayang'ana kadontho kabuluu pafoni kakukwawira kunyanja. Mtima unayamba kukhala pansi.

Kenako tabuleti ya pafupi ndi chiwongolero inalira. Jelle anatukwanira pansipansi n'kukhotera kumanzere, kamsewu kakang'ono.

"Doko lili kutsogolo," anatero Aukje.

"Abwana alamula." Analoza tabuletiyo ndi chibwano. "Mudzi wa Aldwier. Pali wokwera."

"Ndani?"

"Lero ndi Lachinayi? Ndiye a Sytse."

"Akupita kuchombo?"

Jelle anapitirira famu imodzi, kenako ina.

"Sakupita kulikonse."

Anafotokoza maso ali kumsewu. Kampani inalengeza kuti midzi yosowa okwera idzafufutidwa pamapu ake. Aldwier ndi nyumba zochepa, ambiri okalamba, ambiri analandidwa kale ziphaso zoyendetsera galimoto. Ndiye anakumana kuholo ya tchalitchi n'kugawana masiku. M'mawa uliwonse mmodzi amaitanitsa minibasi, amabwera kudzagunditsa foni yake pakachipangizo ka pachitseko, n'kubwerera kukamaliza khofi. Makina amawerenga kuti munthu wakwera. Mudzi umakhalabe pamapu.

"Ndiye tikupatukira mzukwa?"

"Mzukwa wolipira."

"Dumpha, Jelle. Lero lokha."

"Galimoto ino imandinenera kulikonse ndakhota. Ndikadumpha, ine ndiye wolakwa. Ndikadina kuti sanabwere, amawatsekera foni, ndipo mwezi uno ndi umene kampani ikuwerenga okwera."

"Imbira kuofesi."

"Ofesi iti? Kuli kamawu kojambulidwa kamene kamakuthokoza chifukwa cha kudekha kwako."

Ku Aldwier anaima pansi pa mtengo, moyang'anana ndi nyumba ya chitseko chobiriwira. Panalibe munthu. Jelle analiza hutala. Katani inagwedezeka. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, n'kutuluka kangolo koyendera ka matayala anayi, pambuyo pake nkhalamba yovala chipewa ndi masilipasi. Phazi. Kupuma. Phazi.

Aukje anatsika n'kuwathamangira.

"Bambo, ndipatseni foniyo ndikakugunditsireni."

"Ayi, ayi, mayi. Imafuna nkhope yanga kuti itseguke. Yokonda amuna okongola imeneyi." Anaseka okha. Anapapasa m'thumba lina, kenako lina. Foni inatuluka. Koma inakana nkhope yawo. "Magalasi. Popanda magalasi imandiyesa mkulu wanga."

"A Sytse, chonde," Jelle anafuula ali pawindo. "Tili ndi chombo."

"Iwe, nkhalamba saithamangitsa. Bambo ako ankayendetsa basi bwino kuposa iwe, ndipo ankanunkha mowa." Magalasi anapezeka pamwamba pa chipewa. Atavala, anamusuzumira Aukje kumaso. "Dikira. Mphuno imeneyi ndikuidziwa. Mwana wa Hiske! Tinkavina ndi amako pachilumba paja mpaka nsapato kutha. Ukawapatse moni."

"Tikuwaika lero, bambo. Ngati mungatilole."

A Sytse anaima chilili. Anavula chipewa n'kuchigwirira pachifuwa, mutu n'kuweramitsa. Unali ulemu weniweni. Unatenganso nthawi. Aukje anawalanda foni ija ili yotseguka, nathamanga, naigunditsa pachitseko. Kachipangizo kanalira mokondwa. Anawabwezera m'manja osawayang'ana.

"Takulandirani, a Sytse," inatero tabuleti ndi mawu achikazi. "Mangani lamba."

Jelle anaponda moto. Minibasi inafika paliwiro lake lololedwa n'kukakamira pomwepo, ngati bulu.

"Ponda!"

"Phazi lagunda pansi. Anaitsekera liwiro."

Mpando wa a Sytse unali pambali pa Aukje, wopanda munthu, kanyali kake kobiriwira kakuyaka kusonyeza kuti wakhalidwa. Anaikapo maluwa aja.

Foni inalira. Ruurd.

"Uli kuti? Abusa akwera kale chombo, andiimbira."

"Ndili pafupi."

"Ndinakuuza ine kuti..."

Anadula. Ankadziwa zotsalazo. Abusa ankatumikira mipingo ingapo. Ankawoloka ndi chombo cham'mawa, n'kubwerera ndi chamadzulo, chomwecho chimene chikanamufikitsa iye. Manda anakumbidwa kale. Anansi onyamula bokosi anasiya ntchito zawo. Palibe akanadikira madzulo.

Msewu unakwera chiunda chachikulu chotchinga nyanja. Pamwamba pake zonse zinaonekera: madzi otuwa, doko, chombo choyera mlatho wake wokwererapo ukadali pansi. Jelle anayamba kuphethiritsa nyali zakutsogolo. Aukje anazikumbukira. Kale dalaivala wa basi akafika pamenepo ankatero, ndipo woyendetsa chombo akaona ankaliza lipenga kawiri-kawiri n'kudikira. Mwana aliyense wa pachilumba anapulumukirapo pa nyali zimenezo. Iyenso, Lachisanu lililonse pochokera kusukulu yogonera.

"Waona?"

"Klaas, woyendetsa chomboyu, amaona chilichonse," anatero Jelle. "Koma wotseka geti si iye. Imadzitseka yokha nthawi ikakwana. Nayenso ali ndi abwana ake."

Anatsetsereka. Mlatho unayamba kukwera. Atafika pageti, chitsulo chofiira chinali chitagona kale mopingasa, ndipo pakati pa doko ndi chombo panali madzi. Ochepa. Mwana akanaponya mwala n'kugenda chombocho. Lipenga linalira kamodzi, motalika. Silinali loitana.

Aukje anatsika. Mphepo inamuwomba diresi. Panalibe munthu woti amukalipire. Pamene kale panali zenera logulitsira matikiti panali galasi lolembedwa nthawi ya chombo chamadzulo.

Foni inanjenjemera. Uthenga wa kampani. Mwafika bwino! Ulendo wanu muupatsa nyenyezi zingati? Pansi pake panali kabokosi kolembamo chovuta.

Jelle anabwera kudzaima pambali pake, manja m'thumba.

"Lemba zoona ngati ukufuna. Sindikuletsa. Koma a Sytse amakatsukitsa magazi kuchipatala kawiri pa sabata. Pa minibasi yomweyi. Masiku amenewo amakweradi."

"Ukundiuziranji?"

"Kuti udziwe basi."

Chala chake chinaima pamwamba pa kabokosiko. Nyenyezi imodzi ikanagwera Jelle. Choonadi chikanagwera Aldwier. Amene anamuchedwetsa analibe khutu. Anatseka uthengawo osalemba kanthu.

"Ndibwezere kutauni. Sindingakhale pano tsiku lonse n'kumayang'ana madzi."

"Itanitsa pafoni."

Anadina. Kanthu kanazungulira pagalasi. Makina anamupatsa minibasi ina, imene inali kutali, kuseri kwa Leeuwarden.

"Koma iwe uli pano. Ulibe munthu."

"Ndikudziwa." Tabuleti inali ikulira kale m'galimoto. "Andituma kwina. Ndikakunyamula osalembedwa, mpando umanenera."

Anapita kugalimoto, n'kubwerako ndi maluwa aja. Anamupatsa. Minibasi inakwera chiunda mwakachetechete n'kuzimirira.

Aukje anakhala pabenchi. Madzi anayamba kuphwera, matope n'kumatuluka pang'onopang'ono. Minibasi inayo inabwera, inadikira, inapita. Iye sanadzuke. Dzuwa litafika pamutu, foni inaliranso.

"Usalankhule," anatero Ruurd. "Ndaikweza m'mwamba. Tamvera."

Linali belu la tchalitchi cha kwawo, ndi mapazi a anansi pamiyala, akuzungulitsa bokosi kunja kwa tchalitchi monga amachitira kumeneko. Ankalimva bwinobwino. Netiweki inali yamphamvu kwambiri padokopo.