Mkaka wa Alamu

Adam anatuluka m'chipatala mimba itasokedwa kuyambira pachifuwa mpaka pansi pa mchombo. Matumbo ake anali atapotana, ndipo madokotala anadula mbali imene inayamba kuwola. Mkazi wake, Tisiyenji, anapatsidwa kabotolo ka makapisozi.

"Umu muli tizilombo tamoyo, koma tabwino," anatero nesi. "Tingathandize kuti toipa tisachuluke m'matumbo. Balalo lokha mulisamale, amayi, lisakhudzidwe ndi chilichonse."

Tisiyenji anayang'anitsitsa kabotoloko. Munthu am'ng'ambe kuti achotse zowola, kenako am'mwetse tizilombo? Komabe atabwerera ku Kambombo ankam'patsa m'mawa uliwonse, atagwira kapisozi ndi nsonga za zala ngati chitosi cha nkhuku.

Tsiku lachinayi kunabwera Jack, mkulu wake wa Adam, amene anali atamva za tizilomboto. Panjinga anamangirira chigubu cha mkaka umene anausiya padzuwa sabata yathunthu. Atatsegula, ntchentche zinasiya kudzala n'kuthamangira pomwepo. Mkakawo unali wachikasu, wamibulu, pamwamba pali chuku.

"Tizilombo tabwino si iti?" anatero Jack. "Manje utu n'tambiri kuposa ta m'kabotolo kanuko."

"Alamu, chotsani chinthu chanucho pakhomo pano," anayankha Tisiyenji atatseka mphuno ndi chitenje.

Anapita kukatunga madzi. Pobwera anapeza bandeji ili pansi, Jack akupaka mkaka uja pabala ndi chala, kutsatira ulusi wonse. Adam anangotsinzina, akuopa kukanira mkulu wake. Tisiyenji anaponya ndowa n'kukasanza kuseri kwa nkhokwe.

Anatsuka balalo ndi madzi owiritsa othira mchere, koma patapita masiku awiri linatupa, thupi la Adam n'kutentha. Anam'goneka pangolo mpaka kukiliniki. Kumeneko anamasula ulusi pang'ono n'kufinya. Mafinya anatuluka onunkha moti nesi anatembenuza nkhope. Tisiyenji ndiye anagwira mbale yolandirira. Anakhalako masiku khumi, Adam akubayidwa jakisoni.

Adam anachira. Koma Jack anayamba kuuza anthu kutchalitchi kuti mng'ono wake akanachira msanga mkazi akanapanda kutsuka mankhwala. Tisiyenji atamva analavula pansi. Kuyambira pamenepo Jack akabwera, iye ankam'patsa madzi m'kapu yakeyake, ndipo akachoka ankaikwecha ndi phulusa mpaka manja kuwawa.