Dzira Losweka pa Mzere Wachitatu

"Mzere kaye, kenako bowo," anatero mphunzitsi akugogoda bolodi. "Thireyi ili ndi mizere isanu, mzere uliwonse mabowo asanu ndi limodzi. Pulogalamu yanu iyende bowo lililonse, indiuze pamene pali dzira losweka. Ndipo kompyuta imayambira pa ziro."

Waya, wokonza mafoni, mtima unamuwawa. Kampani ina inkafuna wophunzira mmodzi yekha woti akaphunzire ntchito, ndipo wopambana lero ndiye ankapita. Ndiye funso lake mpaka mazira? Pambali pakepo panali mlamu wake, mkazi wa mng'ono wake, wogulitsa mazira pamsika. Kusukulu ya makompyutayi anamubweretsa ndi Waya yemweyo, mayiyo asakudziwa n'poyatsira kompyuta pomwe. Koma masiku ano dzina lotuluka pakamwa pa mphunzitsi linali la mlamuyo basi.

"Alamu, zikuyenda?" anafunsa mayiyo.

"Ine ndatsegula mafoni zaka khumi. Izi si zowerenga mazira ayi."

"Ife ndi atsokonombwe, alamu. Mtunda timatha n'kudumpha."

Foni ya mayiyo inalira, natuluka kukayankha kasitomala. Nsanje ilibe manyazi, abale. Waya anatambasula dzanja, maso ali kwa mphunzitsi, n'kusinthanitsa mawu awiri pa pulogalamu ya mlamu wake, liwu la mzere ndi la bowo. Sanawerenge n'komwe kuti linali patsogolo ndi liti. Ankangofuna kuti pulogalamuyo ife.

Nthawi itatha, mphunzitsi anayambira kwa Waya. Pulogalamu inayenda, koma inadumpha mzere woyamba wonse.

"Mwayambira pa wani, bambo. Mazira asanu ndi limodzi mwawasiya osawaona."

Atafika kwa mayiyo, anamupeza atagwira tsaya.

"Aphunzitsi, yanga yandikanika. Ikangofika pa bowo lomaliza la mzere woyamba imaima."

Mphunzitsi anadina batani. Manambala anatsika bwinobwino, mabowo onse makumi atatu, dzira losweka n'kupezeka pa mzere wachitatu.

"Yakanika pati, mayi? Lolemba mukayambe kukampani."

Apa m'pamene Waya anazindikira. Kani mlamuyo anali atalemba chozondoka, bowo patsogolo mzere pambuyo, ndipo dzanja lofuna kuwononga lija ndi limene linakonza.

Mayiyo anayang'anitsitsa sikirini, kenako anayang'ana Waya, misozi ili m'maso. Ali panja anamugwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndaona zimene mwachita, alamu. Mwasiya yanu n'kukonza yanga. Anthu amati mumandichitira nsanje, koma lero ndikawauza onse kunyumba."



"Ndi chibale," anatero Waya.

Mayiyo anamusenzetsa mathireyi ake opanda kanthu, ndipo Waya anawanyamula mpaka pa siteji ya basi.