Mbasela ya Bayoloje

Ezekiel, mng'ono wa malemu amuna anga, ali ndi ngongole kwa ine, ndipo si ya ndalama ayi. Pomwe ankaphunzira zamigodi ankagona pabalaza pathu ku Kawama, miyendo ili lendee kunja kwa mpando. Ndinkamuchapira, ndinkamusungira ndiwo. Tsiku lomwe anapeza ntchito anandigwira dzanja pamaso pa mkulu wake n'kunena kuti, "Alamu, za sukulu ya Tryness mudzandisiyire ine." Sindinamupemphe, ananena yekha. Manje amakhala ku Nkana West, ku Kitwe, geti yachitsulo, galimoto ziwiri, foni imangolira osayankha.

Tryness ndi mwana wanga womaliza, ndiye watsala m'nyumba. Mlongo wake Cyril anapita ku Joni, amaimba pa Khirisimasi akakumbuka. Tryness anakhoza giredi twelofu mpaka abusa anamuimiritsa m'tchalitchi. Sukulu ina ya ku Kitwe inamupatsa malo aulere a zaka ziwiri, kalasi yomwe amati fomu sikisi. Ati kumeneko mwana amasankha maphunziro atatu okha, ndipo atatuwo ndi amene amanena yunivesite yomwe idzamutenge.

Ine sukulu ndinalekezera giredi folo. Ndimagulitsa tomato, nyemba ndi kapenta pamsika. Koma sindine chitsiru. Ndinafunsa nesi wina amene amagula kwa ine, anandiuza kuti mwana akatenga Bayoloje atha kudzaphunzira udokotala konkuno ku Ndola, madzulo n'kumagona pakhomo. Tryness ankafuna Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri. Ati akufuna za injini za ndege, ndipo zimenezo akaphunzira kunja kwa dziko.

"Ndege unakwerapo iwe?"

"Ayi, amama."

"Nanga injini yake unaikondera kuti?"

Anangotseka buku n'kulowa kuchipinda.

Sukulu inaitana makolo Loweruka lina kuti akasankhe ndi ana awo. Ndinatumiza uthenga kwa Ezekiel, anayankha mawu amodzi, ati "Ndiyesa." Ndinatseka tebulo langa pamsika, tomato wakupsa ndinamusiya akuwola, tinakwera basi ya ku Kitwe.

Mu holo munali makolo onyamula makiyi a galimoto m'manja, Chingelezi chikungotuluka m'mphuno. Ine ndi chitenje changa cha kutchalitchi. Ndinaika chikwama pampando wa pambali panga kusungira Ezekiel. Bambo wina anaufuna, ndinakana. Atabweranso ndinachotsa chikwamacho, ndinachiika pamiyendo. Tryness ankangoyang'ana nsapato zake.

Nthawi yathu itakwana tinakhala patebulo la mphunzitsi wina, a Madamu Pauline. Anayamba ndi Chibemba, atamva mmene ndikuyankhira anasinthira ku Chinyanja. Munthu wabwino, sindinganame.

"Tryness wasankha bwino, amayi. Atatu amenewa amayendera limodzi."

"Atatu basi? Zaka ziwiri zonse?"

"Atatu."

"Ikanipo mbasela." Mbasela ndi kaja timawonjezera kasitomala pamwamba akagula bwino. Ine sindinagulepo chinthu osapempha, ndipo sindinagulitsepo osapereka. "Mwana wabwera ndi mamalikisi abwino chonchi, mungomupatsa atatu owuma? Ikanipo Bayoloje pamwamba."

A Madamu anamwetulira. "Anayi amalemera, amayi. Akatsika pa phunziro limodzi, malo aulere aja amamulanda."

"Uyu sanagwepo chibadwire. Amawerenga ndi pakudya pomwe."

"Kuno n'kwina."

"Chabwino, chotsani Kemisitiri."

"Udokotala womwe mukufunawo umafunanso Kemisitiri."

"Ndiye chotsani Fizikisiyo."

"Amama!" Tryness anandigwira mkono. Ndinamusasa.

"Kapena theka la Bayoloje. Aziphunzirako pang'ono chabe, chitseko chisatsekeke."

"Sitidula pakati, amayi." Kenako anatembenukira kwa mwana. "Tryness, iwe ukuti bwanji?"

Tryness anayankha m'Chingelezi. Analankhula nthawi yaitali, mawu ali pansi, osandiyang'ana. Ine ndinangomva maina atatu aja. Mwana amene ndinamubereka ndekha, kundidutsa pamaso panga ndi chilankhulo.

Apo ndinachita chomwe ndimachita kumsika wa Masala mlimi akaumitsa mtengo wa bokosi la tomato. Umanyamula chikwama, umatembenuka, umayamba kuyenda. Usanafike patali amakuwa yekha, "Bwerani, mayo, tengani!" Njira imeneyi sinandigwiritsepo mwala.

Ndinaimirira. "Ngati palibe Bayoloje, basi. Sukulu si ino yokha. Tiye, Tryness."

Ndinayenda pang'onopang'ono pakati pa mipando. Pakhomo ndinaima, ndinamasula chitenje n'kuchimanganso. Zii. Pakhonde ndinawerama ngati kamwala kalowa m'nsapato. Zii. Ndinadutsa pakati pa magalimoto awo, khutu lili kumbuyo, mpaka pageti. Mlonda anandifunsa kuti, "Mwasiliza, mayo?"

Ndinacheuka. Pawindo ndinaona Tryness ali pampando pomwe paja, akulemba. Kumbuyo kwake makolo ena anali atafola kale. Mlimi amakuitana chifukwa ndalama yake ili m'chitenje chako. Apa ine sindinanyamule chilichonse chomwe iwo ankafuna. Chomwe ankafuna chinali chitatsala pampando.

Ndinakhala pamwala kunja kwa geti. Magalimoto ankatuluka, ana ali kumbuyo akuseka ndi amayi awo. Tryness anatuluka mochedwa, maso ofiira.

"Ndalemba atatu aja, amama."

"Ukanandilondola akanatiitana tonse."

"Akanapereka malo kwa wina. Munaona mzere uja."

"Ndiye mayi ako atuluke okha ngati galu, iwe uli phee?"

Ndinamupatsa ya basi. "Pita kunyumba, ukaanule nyemba. Ine ndili ndi munthu woti ndimuone."

Ku Nkana West ndinapita wapansi. Misewu yake ilibe anthu, mitengo ndi mipanda basi, ngakhale woti umufunse njira palibe. Ndinagogoda geti ndi mwala. Anatsegula Ezekiel yemwe, ali mu kabudula, paipi ya madzi m'manja, akutsuka galimoto. Ndiye kuyesa kwake kumeneko.

"Aa, alamu! Lowani."

"Sindilowa. Mpando wako ndinasunga mpaka manyazi anandigwira."

Anatseka madzi. "Ndinaona kuti ndikabwera tikangana pamaso pa mwana."

"Tikangana chifukwa chiyani? Iwe unali wobwera kudzandithandiza."

"Tryness anandiimbira mwezi watha, alamu. Tinakambirana. Atatu amenewo ndine ndinamuuza kuti ali bwino."

Foni yomwe ine saiyankha, ya mwana wanga amayankha.

"Kansi mwapangana kumbali."

"Mwana ali ndi mutu. Mutu wotere suwoneka kawirikawiri."

"Mutuwo unakula ndi kapenta wanga, ngati wakowo. Mvera, Ezekiel. Mkulu wako ali kumanda. Cyril anapita. Uyu akakwera ndege yakeyo, ine ndizilankhula ndi ndani m'nyumba muja? Wailesi?"

Anayang'ana pansi, madzi otsala mu paipi akuyenderera kumapazi ake.

"Unandilonjeza. Unandigwira dzanja ili."

"Ndinalonjeza za sukulu yake. Sindinalonjeze kukusungirani mwana pakhomo."

"Sindikufuna zambiri. Lolemba uvale jekete, upite ndi galimoto yakoyi, ukawauze aikepo Bayoloje. Iwe akumvera. Ukatero ngongole yatha, sindidzakuimbiranso."

"Lowani mumweko tiyi, alamu. Kenako ndikusiyani pa siteshoni."

"Tiyi ndili naye kwathu. Upita kapena supita?"

Mkati mwa nyumba munkamveka ana ake akuonera TV. Anapukuta manja pa kabudula, n'kundiyang'ana m'maso.

"Sindipita, alamu. Lolemba kapena tsiku lina lililonse, sindipita."